NJALA YA GOKU

Owerenga athu atikhululukire mwezi uno, pakuti tadza ndi nkhani imene ena adzaiyesa ya cibwana, yosayenera munthu amene wakhala zaka zambiri ndi coko m'manja, nayamba kumera imvi. Tirikunena za masewera aja a pa kanema, m'mene munthu agwira kacipangizo ka mabatani, nayendetsa nako kamunthu kojambulidwa pa galasi, kuti kathamange, kalumphe, ndi kumenyana ndi adani ace. Ana athu awadziwa bwino masewera otere, popeza alimo m'mafoni ndi m'timanyumba ta pa msika. Ndipo sikuyenera kuti akuru aweruze cinthu ali cikhalire patali, osacigwira ndi manja ao. Cotero pa chuthi capitaci, mwana wa mlongo wathu, amene aphunzira za makompyuta ku tauni, atadza kudzationa ndi makina ace, tinati kwa iye, "Iwe, tipatse amodzi a masewera akowo, tiyeseko nafe." Iye anaseka, nati, "Atsibweni, ndikupatsani akale, olingana ndi msinkhu wanu. Koma mudziwiretu kuti awa ndi amodzi mwa aja amene anthu awanyoza kufikira lero lino." Tinalimbana nao masiku 9, madzulo ali onse, ndipo cimene tinacipeza ndico tifuna kufotokoza pano.

Dzina la masewerawo ndi Dragon Ball: Shenron no Nazo, ndiko kunena kuti cinsinsi ca cinjoka Shenron. Anaturuka ku Japan m'mwezi wa Novembala 1986. A kampani ya Bandai ndiwo anawagulitsa, ndipo anali oseweredwa pa makina ochedwa Famicom, amene a Nintendo anayamba kugulitsa m'caka ca 1983. Koma tisanafike pa masewerawo tiyambe tanena za nthano imene anacokerako, pakuti munthu sanganene ngati mwana wafanana ndi atate wace asanawaone atatewo.

Nthanoyo anaipeka Akira Toriyama, mmisiri wa zojambula, amene anabadwa m'caka ca 1955, namwalira mu 2024. Anayamba kuisindikiza ca kumapeto kwa 1984, sabata ndi sabata, m'magazini ya anyamata yochedwa Weekly Shonen Jump; ndipo mu Febuluwale 1986 a Toei anayamba kuionetsa pa wailesi ya kanema monga zithunzi zoyenda, zimene eni ace azicha anime. Muzu wace uli m'buku lakale la ku China, la zaka za m'ma 1500, lonena za ulendo wa kumadzulo, m'mene muli mfumu ya anyani ya ndodo yamatsenga. Dzina la mfumuyo pa Cijapani ndi Son Goku, ndipo ndilo dzina limene Toriyama anapatsa mnyamata wace. Mnyamatayu ali ndi mcira. Akhala yekha m'mapiri, agogo ace atamwalira. Sadziwa galimoto, sanaonepo mkazi cibadwire, koma mphamvu zace ziposa za amuna makumi. Tsiku lina afika mtsikana wa mu mzinda, dzina lace Bulma, wofunafuna mipira 7 ya nyenyezi m'kati. Pakuti amene aisonkhanitsa yonse, cinjoka cimturukira ndi kumpatsa cinthu cimodzi ciri conse cimene acipempha. Umodzi wa mipirayo uli ndi Goku, ndiwo wa nyenyezi zinai, cikumbutso ca agogo ace. Motero awiriwa ayamba ulendo, nakomana ndi nkhumba yodziwa kusanduka, Oolong. Ndi nkhalamba ya pa cisumbu, Kame Sennin, katswiri wa nkhonya koma wa maso osakhazikika pa akazi. Ndi wacifwamba wa m'cipululu, Yamcha. Ndi kamfumu kakang'ono kolakalaka kulamulira dziko lonse, Pilaf.

Tsono m'nthano yonseyi muli cinthu cimodzi cobwerabwera, ndico kudya kwa Goku. Pamene tiyamba kumuona, alikunyenga cinsomba cacikuru ndi mcira wace monga nyambo, kuti apeze ndiwo za tsikulo. Mimba yace ikalira, anzace onse amva. Nthawi yina, utatha mpikisano waukuru wa nkhonya, anadya m'nyumba yodyera kufikira ndalama za mphotho imene mphunzitsi wace adapata zinatsala pang'ono kuthera pa mbale zace. Wowerenga aseka, koma kusekako kuli ndi cikondi m'kati, monga tisekera mnyamata wobusa ng'ombe amene amaliza mitanda isanu ya nsima, nafunsa ngati yatsalako ku khichini. Tidziwa kuti kudya kotere ndiko cizindikiro ca moyo wocuruka. Njala ya Goku m'nthano siopsa munthu. Iri mbale wace wa mphamvu zace, ndipo cakudya sicimsowa nthawi yaitali, pakuti phiri lonse ndi nkhokwe yace.

Tiyeni tione cimene opanga masewera anacita nayo njala imeneyi. Pa galasi muona Goku monga imuonera mbalame iri m'mwamba, alikuyenda pakati pa mitengo ndi miyala, zirombo zirikumdzera ku mbali zonse. Akafika pa mdani wamkuru cithunzi cisintha, nimuwaona ca m'mbali, monga anthu awiri omenyana pa bwalo. Zigawo zonse ziripo 14. Zoyamba 6 zitsata nthano kufikira ku linga la Pilaf. 4 zotsatira ndi za mpikisano wa nkhonya. 4 zotsiriza ndi ulendo watsopano wosakhala m'nthano, wofika ngakhale ku mwezi. Ndipo pa galasipo pali nambala yoyambira pa 100, ndiyo mphamvu ya Goku. Mdani akamkantha, nambalayo icepa; ici ncolungama, ndipo masewera ambiri atero. Koma taonani: ngakhale palibe womkantha, ngakhale aime cabe pansi pa mtengo, nambalayo irikutsikabe, 99, 98, 97, monga madzi m'ndowa yobooka, ndipo ikafika pa 0, Goku wafa.

Ife sitinacidziwe ici madzulo oyamba. Ku sukulu ya aphunzitsi anatiphunzitsa kuti usanagwire nchito yatsopano uyambe wayang'ana, nuyesa zipangizo zako cimodzi cimodzi. Cotero tinayenda pang'ono pang'ono, kuyesa batani ili ndi ilo, kusuzumira kuseri kwa miyala, ndi kuzemba adani mwa nzeru. Sitinalandire nkhonya zambiri. Koma mwadzidzidzi kamunthu kathu kanagwa, masewera natha. Tinafunsa mnyamata uja kuti, "Nanga watipha ndani?" Iye anati, "Njala, atsibweni, mwacedwa." Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma muno wodekha ndiye ayamba kufa.

Cakudya ciripo ndithu: pali nyama ya pfupa, palinso keke, amene abwezera mphamvu yambiri koposa nyamayo. Zimenezi zituruka m'timakapisozi, tonga tija ta mankhwala a ku cipatala. Timeneti natonso tacokera m'nthano, m'mene Bulma ali ndi kabokosi kodzala nato. Akaponya kamodzi pansi muturuka njinga yamoto, akaponya kena muturuka nyumba. Koma m'nthano kapisozi ali yense ali ndi nambala yace, ndipo Bulma asankha amene amfuna. M'masewera mulibe nambala, ndipo wosewera sadziwa cimene ciri m'kati kufikira atatsegula. Mphamvu yanu iri pa 15, mwathamangira kapisozi ndi mtima uli m'mwamba, ndipo muturuka cinthu cina cosadyedwa. Nthawi yina mphamvu iri pa 140, simufuna kanthu, ndipo pomwepo aturuka keke. Koma mimba ya Goku siilandira zoposa 150, ndiponso sangathe kumanga kamba wa pa ulendo, motero zotsalazo zingotayika.

Poyamba tinayesa kuti kapena pali lamulo lobisika limene ife okalamba sitiliona. Ndipo popeza makina a masiku ano atha kuimitsa masewera akale pa malo ali onse, ndi kubwezera munthu pomwepo nthawi zonse afuna (cimene ana a 1986 analibe), tinauza mnyamatayo kuti aimitse pafupi ndi kapisozi mmodzi, kuti timtsegule kawirikawiri, ife tirikulemba m'kope cimene caturuka. Tinatero kufikira tsamba linadzala. Malo ndi omwewo, njira ndi yomweyo, wosewera ndi yemweyo. Koma cimene cinaturuka cinali cina nthawi yino, cina nthawi yinayo. Pamenepo tinatseka kope, pakuti tinali titaona kuti moyo wa Goku suli m'zala za wosewera, koma m'maere.

Palibe pamene ici cioneka bwino koposa pa nkhondo ya Yamcha, ndipo apa tifuna kucedwapo, pakuti nthano ndi masewera zikomana pa malo amodzi, nizisiyana monga usana ndi usiku. M'nthano, Goku ndi anzace ayenda m'cipululu, cakudya cawathera, ndipo pomwepo wacifwambayo awaturukira ndi lupanga. Goku amenyana naye bwino poyamba, koma mimba ilira, manja alefuka, ndipo zioneka kuti agonja. Pamenepo Bulma, amene anali gone pa mthunzi, adzuka. Ndipo Yamcha, munthu woopsa uja, pakuona nkhope ya mtsikana agwidwa ndi manyazi, nathawa, pakuti sakhoza kuima pamaso pa mkazi. Pambuyo pace akomananso, Goku atakhuta, ndipo amgulula dzino. Taonani m'mene njala yagwirira nchito pamenepa. Yadza kamodzi, pa nthawi yace; yationetsa kuti ngakhale wamphamvu ali ndi pofooka pace; yatsegula khomo kuti tione pofooka pa mdani wacenso; ndipo yatipatsa cifukwa ca kuyembekeza nkhondo yaciwiri. Ndiwo umisiri wa wokamba nthano.

M'masewera mulibe cimodzi ca izi. Mufika kwa Yamcha ndi nambala iri yonse imene maere akusiyirani. Nkhonya ya Goku ndi yaifupi, kotero kuti muyenera kusendera pafupi penipeni kuti mumkhudze, ndipo posendera iye akukanthani, nakucotserani zambiri nthawi imodzi. Mukati mubwerere m'mbuyo kuti muone mayendedwe ace, njala irikudyabe nambala yanu. Tinagwa pamenepa kosawerengeka, kufikira amai a kunyumba anatifunsa ngati tirikukangana ndi munthu m'cipindamo. Tsiku limene tinamgonjetsa, mnyamata uja anaomba m'manja. Koma ife tinadziwa mumtima kuti sitinasewere bwino koposa dzulo lace. Tinali titapeza keke pa njira, basi.

Wina adzati, "Aphunzitsi, inu mwangokalamba, masewera akale onse anali obvuta, ndipo kubvutako ndiko kukoma kwace." Mau awa ali ndi coona m'kati, ndipo ife amene takhala tikupatsa ana masamu a pamtima m'mawa muli monse sitingakhale adani a cinthu cobvuta. Koma pali kubvuta kwa mitundu iwiri, ndipo mnyamata wathu anatithandiza kuona kusiyana kwace potionetsa masewera ena a caka comweco ca 1986, a pa makina omwewo, opangidwa ndi a Hudson Soft, amene Angerezi awadziwa ndi dzina lakuti Adventure Island. M'menemonso muli njala. Mphamvu ya kamunthu itsika yokha pamene kalikuyenda, ndipo kayenera kudya zipatso kuti kakhale ndi moyo. Masewerawo ndi obvuta kwambiri, ndipo tinafa m'menemonso. Koma nthoci imene munaipeza pa malo akuti lero, mudzaipeza pomwepo mawa. Mukafa, mudziwa cimene mwalakwa: ndinalumpha mocedwa, ndinaphonya cipatso cija. Mubwerera muli ndi nzeru imene munalibe. Momwemonso m'masewera ochuka a Super Mario Bros., a caka ca 1985: bowa wokuza Mario ali m'bokosi lomwelo la kumayambiriro kwa mwana ali yense, pa tsiku liri lonse, ndipo ngakhale nthawi iri yowerengeka, mwana wosamala imkwanira.

Cotero colakwa ca Shenron no Nazo si njala ai, kapena kubvuta. Colakwa cace ndi cakuti anamanga pamodzi zinthu ziwiri zosayenera kumangidwa pamodzi: ngongole yosalephera kudza, ndi malipiro a mwai. Ndiko kusiyana kwa bawo ndi njuga. Pa bawo mukadyedwa, mukhoza kuwerenga m'mbuyo ndi kupeza dzenje limene munalakwira kutapa. Ndipo mnyamata wodyedwa ndi agogo ace caka conse, caka cinaco awadya. Pa njuga mulibe cophunzira, koma kuyembekeza kokha. Tiyerekeze mphunzitsi amene apatsa ana mayeso, nacotsa malikisi amodzi pa mphindi iri yonse imene mwana alikuganiza, ndipo potsiriza aonjezera malikisi mwa kutola timapepala m'cipewa. Mwana wakhama ndi waulesi adzasiyana pang'ono ndithu, pakuti luso silitayika lonse. Koma kodi mayeso otere ayesa ciani? Ndipo kodi mwana aturukamo ataphunzira ciani?

Palinso cina cimene njalayi yaononga. Nthano ya Toriyama, makamaka kumayambiriro kwace, ndi nthano ya ulendo wosafulumira: ayenda, acedwa ndi kamba wa m'nyanja wosocera amene Goku amsenza kumka naye ku gombe, agona m'njira, akangana, aseka. Kukoma kwace kuli m'zopatuka. Opanga masewera anaikamo malo olowamo ndi tinjira tapambali, monga ngati aitana mwana kuti afunefune. Koma ndi dzanja linalo amlanga pa mphindi iri yonse imene apatuka. Motero mwana amene anagula kaseti kuti akhale Goku, mnyamata wosadziwa nkhawa, asanduka munthu wa mangawa, wothamanga maso ali pa nambala.

Mukapirira kufikira kumapeto a zigawo 6 zoyamba, cinjoka cituruka, ndipo mupatsidwa zopempha zingapo kuti musankhepo cimodzi. M'nthano apa ndi pamene Oolong apfuula pempho lace lopusa, la cobvala ca m'kati ca akazi, kuti atsekereze Pilaf asanapemphe ufumu wa dziko; ndipo kupusako kupulumutsa anthu onse. M'masewera, pakati pa zopemphazo pali cina congocititsa kuti cithunzi ca cinjoka ca pa mutu wa masewera ciziyenda, ndi cina cokuza mimba ya Goku kuti ilandire 250 m'malo mwa 150. Kodi ndani amene wabvutika ndi njala zigawo 6 adzasankha cina? Tinasankha mimba, monga asankha onse a nzeru. Ndipo tinaseka tokha poona kuti cinjoka cokhoza kupatsa munthu ciri conse pansi pano catsika kudzagawa cimanga.

Mnyamata wathu anationetsanso m'mene masewerawa anakhalira atafika ku America m'caka ca 1988. Pa nthawiyo ana a kumeneko sanaidziwe nthanoyi, cotero ogulitsa anafafaniza dzina lace, nawacha Dragon Power. Bulma anasanduka Nora, Yamcha anasanduka Lancer, Oolong anasanduka Pudgy. Goku anamsiyira dzina, koma mutu wace anaujambula mwina. Zigawo za mpikisano anazicotsa, nizitsala 10. Ndipo cobvala cija, cimene m'masewera a ku Japan ciri cinthu cotola cothamangitsa Goku, anacisandutsa sangweji. Sitilira maliro a nthabwala imeneyo. Sitikadakonda kuiona m'manja mwa ana a sukulu yathu. Koma onani cimene cinaturukapo: nkhalamba ija tsopano ipempha mtsikana masangweji ndi mtima wonse, ndipo m'masewera amene mwana alikufa ndi njala, atola sangweji, osakhuta, koma angothamanga. Cimene tinaphunzirapo ndi ici: mutacotsa maina ndi nkhope zokondedwa, cotsala ndi kamunthu kothamanga ndi ndowa yobooka. Ku France, kumene ana adaidziwa nthanoyi pa kanema kuyambira 1988, anawagulitsa ndi dzina lace lenileni. Pakuti dzinalo ndilo linali katundu.

Ndipo katunduyo anayenda malonda. Ku Japan makaseti amenewa anagulidwa oposa 1,000,000. Kumbukirani kuti anaturuka ca kumapeto kwa Novembala; ndipo kumeneko kuli mwambo wakuti pa caka catsopano akuru apatsa ana ndalama m'timaenvulopu, ndizo ndalama zazikuru zimene mwana azigwira pa caka. Tiyerekeze mwana wa zaka 9 amene aona Goku pa kanema sabata iri yonse, naona nkhope yomweyo pa bokosi m'sitolo. Sangathe kulawa asanagule. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Afika kunyumba, agwa kwa Yamcha, agwanso, agwanso. Ndipo akazima makina zonse zatayika, pakuti kasetiyo siisunga pamene munafika, mawa ayambanso pa ciyambi. Ici ndico citiwawa ife monga aphunzitsi, koposa ndalamazo: mwana wotere sanena kuti masewera alakwa. Mwana sakhulupira kuti akuru angamgulitse cinthu copotoka ca dzina la bwenzi lace. Anena kuti, "Ndine wosatha." Tawaona ana otere m'kalasi, amene anagwa pa funso lolembedwa molakwa, nasenza manyazi amene anayenera kusenza wolemba funsoyo. Patapita zaka, ana aja atakula ndi kuyamba kufotokozerana, ndi pamene anazindikira kuti onse anagwa pa malo amodzi. Ndipo Ajapani ali ndi dzina lacipongwe la masewera otere, kusoge, limene sitingalimasulire pa tsamba lino.

Tisaweruze mopitirira. Amene anagwira nchitoyi ndi a kampani ya Tose, ya ku Kyoto, yodziwika ndi mwambo wace wopangira ena masewera osalembapo dzina lace. Ndipo anaigwira pamene zithunzi zoyenda zija zinali zisanathe caka pa kanema, ndi makina a mitundu yowerengeka ndi nzeru zocepa koposa za foni yochipa ya lero. M'zocepazo anacita zina zabwino. Nkhope za anthu a m'nthano, pamene alankhulana pakati pa zigawo, zizindikirika msanga. Nyimbo yace ndi yosangalatsa, ngakhale ibwerezedwa kufikira ilowa m'maloto. Ndipo dongosolo la nkhani m'zigawo zoyamba litsata nthano mokhulupirika, kucokera ku mudzi wa Oolong, kupyola phiri la moto la Gyumao, ndi kalulu wosandutsa anthu karoti. Tiyesa kuti anaika njala ija pofuna kukondweretsa odziwa nthano, ndi kuti masewera aafupi akhalitse m'manja mwa mwana. Koma kucepa kwa makina sikungakhale cowiringula, pakuti nthoci za Adventure Island zinakhazikika pa makina omwewo. Cinasowa ndi munthu mmodzi wokhala pansi ndi mwana, kuona m'mene alikugwera, ndi kufunsa ngati kugwako kulikumphunzitsa kanthu. Masewera otsatira a Dragon Ball pa Famicom, ochedwa Daimao Fukkatsu, a caka ca 1988, anasiya njira iyi konse, nakhala oseweredwa ndi makadi, m'mene munthu akhoza kuganiza nthawi yonse afuna.

Cotidabwitsa ndi cakuti masewerawa sanafe. M'caka ca 2018, pokumbukira zaka 50 za magazini ija ya Weekly Shonen Jump, a Nintendo anaturutsa ka Famicom kakang'ono kokhala ndi masewera 20 m'kati, ndipo Shenron no Nazo analimo. Amene anagula ambiri tiyesa ndi ana omwe aja, pa nthawiyo a zaka makumi anai ndi mphambu, ofuna kuonananso ndi mdani wa ubwana wao. Tiwamvetsa, nafenso tikakomana ndi anzathu a ku sukulu ya aphunzitsi, nkhani imene itisekesa koposa ndi ya nyemba zofumbwa zimene tinadya zaka zija, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anena kuti zinali zokoma.

Za ife eni, tibvomere poyera. Zigawo 6 zoyamba tinazitsiriza ndi manja athu, monga anacitira ana a 1986, ndipo tinanyada. Pa mpikisano wa nkhonya tinayamba kulefuka, ndipo pofika ku mwezi, kumene kalulu uja atidikira, tinaitana mnyamatayo, nitinena naye kuti, "Bwera nako kacinyengo kako kaja." Kuyambira pamenepo tinaimitsa masewera pa kapisozi ali yense, ndi kumtsegula mobwereza kufikira ataturuka nyama kapena keke. Motero tinafika kumapeto madzulo a tsiku la 9, nyali itatsala pang'ono kuzima. Mnyamatayo anati, "Mwapambana, atsibweni, anzanga ambiri sanafikepo apa." Tinamuonetsa kope lija, m'mene tidalemba timizere ta nthawi zonse zimene tinabweza maere, masamba awiri ndi theka, nitimfunsa kuti atiuze amene wapambana pakati pa ife ndi makina ace. Iye anawerenga timizereto, nakanda m'mutu, nati m'mawa adzationetsa masewera ena a Hokuto no Ken, a caka comweco, amene anthu awanyoza koposa awa. Koma basi yace inali ya 6 koloko, ndipo sitinamdzutse msanga.